ZA PA MPHALA: MAPANGA AWIRI ABVUMBWITSA

Mvula yoyamba ikagwa pa mapiri a Mphangwe m'mwezi wa Novembala, midzi ya m'boma la Katete imadzuka m'bandakuca. Nkhuku zisanatsike, amai amakhala atamanga kale mbeu m'nsalu, ana atanyamula makasu, ndipo ng'ombe zili m'goli. Koma m'mudzi uliwonse muli khomo limodzi kapena awiri pomwe mwini nyumba amatsala pa khonde, dzanja lili pa tsaya. Munthuyo sakudwala, ndiponso ulesi alibe. Mbeu ali nayo m'nyumba, ndipo munda anasosa kale. Comwe camkhazika pansi ndi mafunso amene wakhala akuwatembenuza mumtima kuyambira m'cilimwe. Kodi munda wa kumtunda ubzalidwe cimanga kapena nshawa? Kodi mbuzi ziwiri zija zigulitsidwe kuti papezeke feteleza, kapena ndi bwino kuyembekeza wa Boma?

Mkazi wace amafunsa mwaulemu, amvekere: "Atate ace a mwana, anzathu onse apita ku munda, nanga pakhomo pano tibzala ciani?" Iye amayankha kuti, "Taimani pang'ono, ndiyambe ndamva maganizo a atsibweni." Atsibweni amati cimanga. Mlamu wace amati soya ndiye ali ndi msika. Mnzace wa pa bwalo la nsolo amati mpendadzuwa sufuna feteleza wambiri. Munthu uja amabwerera ku nyumba atasenza maganizo atatu pamwamba pa awiri amene anali nao kale. Sabata imatha, yaciwiri imayamba. Pomwe iye akuponya mbeu m'nthaka, cimanga ca anzace cimakhala citafika m'maondo.

Akulu akale anauona mkhalidwe umenewu, ndipo anati mapanga awiri abvumbwitsa. Munthu amene mvula yampeza pakati pa mapanga awiri, nayamba kuyesa kuti labwino ndi liti, amanyowa koposa mnzace amene anangolowa m'phanga lapafupi. Tanthauzo lace ndi lakuti wolephera kusankha asaganize kuti nkhani yace yaima cilili kumdikira. Nthawi imamsankhira, ndipo kawiri-kawiri imamsankhira coipa.

Pa ulimi zimenezi zimaoneka ndi maso. Mvula yoyamba imadzutsa cakudya ca mbeu m'nthaka, ndipo mvula yotsatira imacikokolola kupita naco pansi pomwe mizu yaing'ono siingafike. Udzu naonso umatsogola. Ndiye cifukwa cace alangizi a zaulimi amacenjeza kuti tsiku lililonse limene mlimi wacedwa kubzala cimanga, mvula yokwanira itagwa kale, limamcotsera gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 a zokolola zace. Masabata awiri a kudodoma angathe kudya matumba amene akanadyetsa banja m'mwezi wa Febuluwale.

COMWE CIMAMANGA MTIMA

Munthu wotereyu sayenera kusekedwa, pakuti zomwe zimammanga mtima ndi zeni-zeni. Coyamba ndi umphawi. Wolemera akalakwitsa amataya phindu, koma wosauka akalakwitsa amataya nsima ya caka cathunthu. Munthu amene ali ndi mbuzi ziwiri zokha amaganiza kasanu asanagulitse imodzi, ndipo kutero ndi nzeru.

Caciwiri ndi mantha a milomo ya anthu. Pakati pa Acewa, mkamwini amalima munda wa kwao kwa mkazi, apongozi akumuyang'ana. Akayesa cinthu cacilendo cikakanika, mudzi wonse udzati anaononga munda wa eni. Cikacita bwino, ena adzayamba kunong'ona za mankhwala. Mai naye amaopa kuti akacita kanthu mwamuna wace kulibe, mlandu wonse udzagwa pa iye. Motero ambiri amaona kuti kukhala cete ndiko kopepuka, popeza wosacita kanthu palibe amamloza cala. Amaiwala kuti mbewa ya manyazi inafera ku dzenje.

Cacitatu ndi cizolowezi ca kuyembekeza Boma. Kuyambira mu 1969, bungwe la NAMBOARD linkagula cimanga pa mtengo woikidwa ndi Boma ndi kugulitsa feteleza wotsika mtengo, ndipo m'cigawo ca Kum'mawa a Eastern Co-operative Union ankafika ndi malole mpaka ku madepoti a kumidzi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera ulimi wa Lima, umene unapatsa mlimi cingwe copimira ndi muyeso wa feteleza wa pa lima imodzi, ndiye kuti gawo limodzi la magawo anai a hekitala. Zinthu zimenezi zinathandiza mabanja ambiri. Koma zinaphunzitsanso anthu kuti cocita cimacokera ku boma, ndipo ca mlimi ndi kutsatira. Cizolowezi cotere cimatenga nthawi kuti cicoke m'mutu.

ALIMI AMENE ANAYESA

NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, ndipo Boma latsopano la 1991 linacotsa cithandizo pa mtengo wa feteleza. Alimi a ku Katete, Chadiza ndi Chipata anapezeka ali ndi minda yoguga imene inazolowera feteleza, koma ndalama zogulira alibe. Cilala coopsa ca 1992 cinaonjezera bvuto pa bvuto linzace. Ambiri anapinda manja kudikira kuti masiku akale abwerere.

Pa nthawi yomweyo, pa malo a kafukufuku a Msekera pafupi ndi Chipata, akatswiri a Boma pamodzi ndi a bungwe la ICRAF, motsogozedwa ndi Dr Freddie Kwesiga, anali akuyesa njira ina kuyambira mu 1987. Njirayo inali ya kugoneka munda zaka ziwiri kapena zitatu utabzalidwa mitengo yobwezera nthaka, monga jelejele, ububa ndi nyamundolo. Mitengo imeneyi ili m'banja limodzi ndi nyemba, ndipo mizu yace imatenga cakudya ca mbeu mu mpweya ndi kuciika m'nthaka, masamba ace akamayoyoka nakhala manyowa. Mayesero ena anacitika ku Kagoro m'boma la Katete. Pa Msekera, munda wogonekedwa ndi jelejele zaka ziwiri unabereka matani 5 a cimanga pa hekitala, ndiye kuti matumba 100 a makilogalamu 50, pomwe munda wolimidwa caka ndi caka wopanda feteleza unabereka matumba 24 okha. M'minda ya alimi zokolola sizinafike pamenepo, komabe zinaposa kutali za munda wopanda kanthu.

Kwa mlimi, nkhaniyi inali yolemera. Kugoneka munda zaka ziwiri kunatanthauza kulimira mitengo imene sadya, anthu odutsa m'njira akumuseka. Oyamba kuyesa anali owerengeka. Sanagoneke munda wonse. Anapatula kacigawo kakang'ono, makamaka kamene kanali kataguga kale mpaka kumamera kaufiti, podziwa kuti zikakanika sataya zambiri. Ataona cimanga ca caka cacitatu, anakuza malo, ndipo anansi ao amene ankaseka anayamba kupempha njere. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, alimi obzala mitengo imeneyi m'cigawo ca Kum'mawa anali zikwi-zikwi.

Cofunika kucidziwa ndi cakuti alimiwo anaphunzitsanso akatswiri. Poyamba mbande zinkafesedwa m'timatumba ta pulasitiki, tomwe tinali todula ndi tolemera kunyamula. Alimi anayesa kuokera mbande zozulidwa, zopanda timatumba, ndipo zinagwira. Enanso anakana kusiya munda wopanda cakudya, nabzala mitengoyo pamodzi ndi cimanga m'caka coyamba. Akatswiri atapima njira ziwirizi anazibvomereza nayamba kuziphunzitsa kwina. Nzeru zimenezi zinacokera kwa anthu amene ambiri a iwo sanapite patali ndi sukulu, koma ankadziwa munda wao ndi kulemera kwa mtolo pa mutu.

Zobvuta sizinalephere. Moto wa osaka mbewa unkaocha mitengo, ng'ombe zotayirira m'cilimwe zinkadya mbande, ndipo tizilombo tinkaononga masamba a jelejele. Feteleza wotsika mtengo atabweranso mu 2002, ena anaisiya njirayi. Koma phunziro lace silinaguge. Anthu amene anapulumutsa nthaka yao m'zaka zija ndi omwe analeka kufunsa kuti Boma lidzacita liti, nayamba kufunsa kuti iwo angayese ciani pa kamunda kakang'ono caka comweco.

NZERU ILI KALE M'MUTU

Munthu wodzikayikira amaganiza kuti yankho la bvuto lace lili kwa wina wophunzira. Kafukufuku wina wocitika m'cigawo comweci ca Kum'mawa m'zaka za 2019 ndi 2020 anaonetsa zosiyana. Profesa Felix Masiye wa pa Yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi anzace a m'mayunivesite a ku America, anafuna kudziwa cifukwa cace nkhokwe zodzaza m'mwezi wa Meyi zimakhala zopanda kanthu pofika Januwale. Anayendera alimi oposa 800 atangokolola. Ena mwa iwo anapatsidwa cipepala cokhala ndi zithunzi za zinthu zomwe zimadya cimanga pa caka: nsima ya mwezi uliwonse, za kusukulu, mbeu ndi feteleza, sopo ndi mcere, matenda ndi maliro, ndi cithandizo ca kwa abale. Mlimi aliyense anauzidwa kuti agawe matumba ace pa zithunzizo monga momwe iye mwini waonera.

Palibe anapatsidwa ndalama, ndipo palibe anauzidwa kuti gulitsa zakuti, sunga zakuti. Koma pogawapo, alimi anakumbukira zinthu zambiri zomwe anali ataziiwala, naona kuti cimanga cao cinali cocepa kusiyana ndi momwe ankaganizira. Anayamba kusamala pomwepo. Patapita masabata angapo, anapezeka kuti asunga zoposa anzao ndi magawo 15 pa 100. Analowa m'nyengo ya njala ali ndi cakudya ca mwezi wina woonjezera, ndipo popeza anali ndi coikanso m'minda yao, ndalama zocokera ku zokolola za caka cotsatira zinakwera ndi magawo 9 pa 100.

Palibe ca pa cipepalaco cimene cinali cacilendo kwa alimiwo. Aliyense ankadziwa kuti sukulu zimatsegulira mu Januwale ndi kuti maliro sapangana tsiku. Comwe cinasowa ndi kukhala pansi ndi kuyala zonse poyera pa nthawi imodzi. Banja lililonse ku Sinda kapena ku Vubwi lingathe kucita zomwezo pa mphasa, pogwiritsa nchito timiyala m'malo mwa matumba. Ngakhale kuti kuyambira mu 2022 ana salipira fizi m'sukulu za Boma, yunifomu, makope ndi nsapato zikufunabe mwala wao pa mphasapo. Maganizo akamazungulira m'mutu amaoneka ngati gulu la njuci, koma akayalidwa pansi amawerengeka, ndipo cowerengeka cimakhala ndi poyambira.

AGOGO A PA BENCI

Si mabvuto onse amene ali a m'munda. Pali ngongole imene munthu akuopa kuiulula, pali ukwati umene wazizira, pali mwana amene wayamba mowa, pali mlandu wa malire a dimba umene wakhala zaka zitatu osakambidwa. Mabvuto otere akaunjikana, munthu amasowa tulo, cakudya sicikoma, ndipo ngakhale kanthu kakang'ono amalephera kukagamula. Anthu amangoti wakuti akudwala maganizo.

Ku Zimbabwe, m'komboni ya Mbare mu mzinda wa Harare, kumene kuli mbumba zambiri za anthu ocokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, dokotala wa matenda a maganizo, Dr Dixon Chibanda, anayamba nchito yochedwa Friendship Bench mu 2006. Madokotala a mtundu wace anali ocepa kwambiri m'dziko lonselo, tsono iye anaphunzitsa agogo aakazi 14 kukhala pa benci la matabwa panja pa kiliniki ndi kumvetsera anthu obvutika mumtima. Ashona amalicha bvuto limeneli kufungisisa, ndiye kuti kuganiza mopitirira muyeso.

Agogowo anaphunzitsidwa cinthu cimodzi cobvuta kwa munthu wamkulu, ndico kusauza wobvutikayo cocita. Nchito yao ndi kumfunsa mpaka atachula mabvuto ace onse limodzi-limodzi. Akatero, amampempha kuti asankhe limodzi lokha loyambira, ndipo wosankha ndi mwini wace. Kenaka mwini wace yemweyo amachula njira zonse zomwe angaganize, ngakhale zooneka zopusa, napima ubwino ndi kuipa kwa iliyonse, natenga imodzi, nanena tsiku limene adzaicita. Sabata yotsatira amabwera kudzafotokoza momwe zayendera.

Njirayi inayesedwa pa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, ndipo zotsatira zace zinafalitsidwa mu 2016. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu amene anakhala pa benci, pafupi-fupi 14 pa 100 ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, pomwe mwa olandira cithandizo ca masiku onse anali pafupi-fupi 50 pa 100. Ngongole zao sizinafafanizidwe ndi agogo aja, ndipo amuna ao oledzera sanasinthe tsiku limodzi. Comwe cinasintha ndi cakuti munthu amene anathetsa bvuto limodzi laling'ono ndi nzeru zace anayamba kukhulupirira kuti laciwiri nalonso angalithe.

Njira imeneyi siifuna benci la ku Harare. Mphasa ya pansi pa mtengo wa mango ndi mnansi wosunga cinsinsi n'zokwanira. Koma ngati cisoni cakhalitsa masabata ambiri, kapena munthu wayamba kulankhula za kudzicotsera moyo, abale asazengereze kupita naye ku cipatala, cifukwa amenewo ndi matenda ndipo ali ndi cithandizo.

PAMENE KUDIKIRA KUMAPHA

Pali nkhani zina zomwe sizilola konse kutembenuza maganizo. Mwana wamng'ono watentha thupi usiku, akusanza ndipo wayamba kukomoka. Mai woyembekezera wayamba kutaya magazi, kapena mutu ukumuwawa koopsa ndi miyendo yatupa. Mwamuna ali ku Chipata kapena wapita ku malonda ku malire a Chanida. Apongozi akuti tidikire kuce, wina akuti tiyambe taombeza, wina akuti mwini mbumba sanauzidwe. Onse akuopa kukhala woyamba kunena kuti ng'ombe zimangidwe pa ngolo.

Akatswiri a zaumoyo, kuyambira mu 1994, amaphunzitsa za kucedwa kwa mitundu itatu komwe kumapha amai pa ucembere. Kwaciwiri ndi kucedwa m'njira, ndipo kwacitatu ndi kucedwa kulandira cithandizo pa cipatala. Koma koyamba kumacitikira m'nyumba mweni-mweni, ndiko kucedwa kugamula kuti wodwala anyamuke. Mseu ndi mlatho ndi nchito ya Boma, mankhwala ndi nchito ya cipatala, koma kucedwa koyambaku kuli m'manja mwa banja. Malungo a mwana angathe kufika poipa m'kati mwa tsiku limodzi, ndipo mai wotaya magazi atabereka angathe kutsirizika m'maola owerengeka.

Cipatala ca St Francis cakhala pa Katete kuyambira mu 1948, pomwe cinayambitsidwa ndi wansembe amene analinso dokotala, Francis Trefusis. Ku Sinda kuli cipatala ca mishoni ca Nyanje, ndipo makiliniki ang'ono-ang'ono ali m'madera ambiri. Mu 2006 Boma linacotsa malipiro m'zipatala zace za kumidzi. Zitseko zimenezi n'zotsegula, koma sizingayende kukatenga wodwala pa mphasa.

Banja lanzeru limagamula nkhani yotere matenda asanabwere. Mwamuna amanena poyera, apongozi ndi atsibweni akumva, kuti mwana akadwala iye kulibe, mai ace anyamuke osadikira munthu. Kandalama ka ulendo kamasungidwa pa malo odziwika, ndipo mwini njinga kapena ngolo amadziwika kale. Mai amene wanyamula mwana usiku napeza kuti matenda anali ang'ono sanalakwe kanthu. Wataya tulo ta usiku umodzi basi. Amene anadikira cilolezo mpaka kunja kutaca angathe kutaya comwe sicibwezeka, pakuti madzi akatayika saoleka.

UPHUNGU NDI CIGAMULO

Wina angafunse kuti, kodi mau onsewa akutanthauza kuti munthu aleke kufunsa akulu? Iai ndithu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambo wa Acewa unaika ankhoswe pa ukwati, atsibweni pa mbumba, ndi mfumu pa mudzi cifukwa ca nzeru yomweyo. Munthu wopupuluma, amene amagulitsa ng'ombe pa mowa kapena kuthamangitsa mkazi pa mkwiyo wa tsiku limodzi, ali pa ngozi yofanana ndi ya wozengereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kusiyana kuli pa colinga ca kufunsako. Wina amafunsa kuti adziwe comwe sakucidziwa, monga mtengo wa soya pa msika wa Katete, mbeu yoca msanga yoyenera dera lace, kapena comwe lamulo likunena pa cuma ca masiye. Ameneyu akamva amabwerera kwao nacita. Wina amafunsa kuti apeze munthu womsenzetsa mlandu zinthu zikadzalakwika. Ameneyu sakhuta uphungu, amacoka pa khomo ili kupita pa linzace, ndipo akamva mau ogwirizana ndi mtima wace amafunanso wina woti awatsimikize. Alangizi awiri kapena atatu odziwa nkhaniyo ndi okwanira. Kupitirira apo, munthu amangosonkhanitsa mapanga.

Caka ndi caka, Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, mafumu a Acewa ocokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, umene unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934 nuukitsidwanso mu 1984. Dzina lakuti Gawa, pa maina a Kalonga Gawa Undi, limakumbutsa kuti mfumu ndiyo imagawa malo. Koma mfumu ikagawa, siibwera kudzagwira khasu m'munda wa munthu. Momwemonso atsibweni amalangiza, mlangizi amaphunzitsa, abusa amapemphera, koma wogona ndi njala kapena wokhuta ndi mwini khomo. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

POYAMBIRA

Tsono munthu amene mtima wace wakhala ukukokedwa uku ndi uku angayambire pati? Zomwe zafotokozedwazi zikuloza njira imodzi. Ayambe wachula mabvuto ace onse, mokweza kwa munthu wokhulupirika kapena polemba pa pepala. Asiyanitse amene ali m'manja mwace ndi amene sangawasinthe, pakuti mvula ndi mtengo wa feteleza sizimvera nkhawa za munthu. Mwa otsalawo asankhe limodzi, makamaka lomwe likufulumira kapena lomwe ndi lopepuka. Afunse kwa odziwa comwe cikumsowa. Kenaka adziikire tsiku, monga kunena kuti pofika Lacisanu nkhani ya mbuzi ikhale itatha, ndipo auze mkazi wace kapena mbale wace tsikulo kuti manyazi amthandize kusunga pangano.

Ngati nkhaniyo ikulola, ayese pang'ono monga anacitira alimi a jelejele. Mizere khumi ya mbeu yatsopano imaphunzitsa zambiri koposa miyezi itatu ya kufunsa. Adzifunsenso kuti, zikalakwika, coipitsitsa comwe cingacitike n'ciani, ndipo kodi cingakonzeke? Zambiri zomwe zimasowetsa anthu tulo ndi zokonzeka. Zosakonzeka, monga kugulitsa malo kapena kuthetsa banja, ndizo zoyenera kudekha ndi kuitana ankhoswe.

Adziwenso kuti kusankha bwino sikulonjeza zotsatira zabwino nthawi zonse. Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa dziko, Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, pakuti mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni a cimanga, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anaonongeka. Alimi akhama ndi aulesi anapsera limodzi. Munthu amene anabzala pa nthawi yace caka cimeneco sayenera kudziimba mlandu kapena kunena kuti nzeru zace n'zacabe. Anacita coyenera ndi zomwe ankadziwa. Cotsala ndi kutolapo phunziro, monga la kusadalira cimanga cokha, la kusamala dimba, ndi la kukhala ndi mbatata kapena cinangwa pambali.

Wodzikayikira aliyense ali ndi mboni imene amaiiwala, ndiyo moyo wace womwe. Mai amene akuti sangathe kugamula kanthu ndi yemweyo amene analera ana asanu, nawadutsitsa m'zaka za njala, nayendetsa maliro a make. Bambo amene akuopa nkhani ya mbuzi ziwiri ndi yemweyo amene anamanga nyumba, nasankha mbeu zaka makumi awiri, nabweza ngongole zomwe ankaganiza kuti zidzamumiza. Zonsezo anazicita popanda womlembera cocita. Akakhala pansi nawerenga mitsinje imene anaoloka kale, adzaona kuti umene uli patsogolo pace si woyamba.

Mvula ya caka cino idzagwanso pa Mphangwe monga mwa nthawi zonse, ndipo siidzafunsa ngati atsibweni ayankha. Nthawi yabwino yothetsa mafunso a munda ndi m'cilimwe, nkhokwe zikadali ndi kanthu ndipo mutu uli wozizira. Zengerezu analinda kwaukwau. Mwini khomo amene adzagamule nkhani zace mu Okutobala adzadzuka pamodzi ndi anzace tsiku la mvula yoyamba, ndipo mkazi wace akadzafunsa kuti kubzalidwe ciani, yankho lidzakhala lili kale pa mlomo.